Unga timaufufuza, nanga mafuta a pankhope?

Mu August 2024, unduna wa za umoyo utalengeza kuti agalu pafupi-fupi 400 afa cifukwa ca cimanga cokhala na poizoni ya aflatoxin, tonse tinasanduka akatswili a unga. Mu shopu tinali kutembenuza thumba la breakfast uku na uku, kuwelenga dzina la kampani yogaya, na kufunsana pa WhatsApp kuti ni unga uti uli pa mndandanda wa oipa. Tinacita bwino. Cinthu colowa m'thupi la mwana sicigulidwa mwacimbuli-mbuli.

Koma pa masiku amodzi-modziwo, m'mawa tikatuluka mu bafa, ambili a ise tinali kutsegula kabotolo kalibe dzina, kalibe deti, kalibe ngakhale cilembo cimodzi, n'kupaka zam'katimo pankhope, m'khosi na m'manja. Timacita zimenezi m'mawa na usiku, mwezi na mwezi. Palibe amene amafunsa kuti anagaya ndani.

Kabotolo aka tonse tikadziwa. Timakachula kuti mix. Timakapeza mu saluni, pa thebulo pamsika, kwa mnzathu wa ku nchito amene amayenda nato m'cikwama, ndipo masiku ano maka-maka pa Facebook na TikTok, pomwe wogulitsa amaonetsa zithunzi ziwili, ca kale na ca manje. Mukafunsa kuti, “Asisi, muli ciani umu?” yankho yake ni kuseka: “Ni cinsinsi canga amai, mukazola masabata awili cabe mudzabwela kudzaniyamikila.” Ndipo zoona, pakapita masabata awili khungu limasalala, ziphuphu zimatha, anthu ku chalichi amayamba kufunsa kuti mudzola ciani. Apa m'pamene pali vuto. Mafuta wamba sangacite zimenezo m'masiku 14. Cimene cacita nchito mwamsanga conco ni mankhwala, ndipo wogulitsa uja si dokotala.

Maganizo athu ni akuti cinthu cilibe dzina la wopanga sicifunika kufika pakhungu la munthu. Lamulo la dziko nalonso litelo. Lamulo loteteza ogula la mu 2010, limene bungwe la CCPC imayang'anila, limakamba kuti katundu wogulitsidwa mu Zambia afunika kukhala na lebo yoonetsa dzina lake, zimene anasakaniza popanga, deti imene anapangidwa na imene adzatha mphamvu, dzina la wopanga, kumene apezeka, na nambala ya foni. Mix ya mu kabotolo ka peanut butter kotsuka ilibe ciliconse mwa izi. Nkhope ikapsa, mudzamanga ndani? Wogulitsa adzakuuzani kuti khungu lanu ndiye lovuta, kenako adzakugulitsani kabotolo kena kocotsela zipsela za koyamba.

Tiyeni tikambe zimene zimakhala m'kati, cifukwa si cinsinsi ngati mmene amanenela.

Coyamba, ndiponso cofala kwambili, ni ma steroid. Awa ni mankhwala eni-eni a ku cipatala, abwino pa nchito yake. Dokotala amalembela munthu wodwala eczema kapena psoriasis, amuuza kuti apake pang'ono pamalo odwala pokha, kwa masiku owelengeka, kenako aleke. Maina ake amalembedwa pa tumachubu tuja twa ndalama zocepa: clobetasol, betamethasone. Clobetasol ili m'gulu la amphamvu kopambana onse. Wopanga mix amafinyila machubu atatu kapena anai mu losheni, n'kutakasa na sipuni, ndipo munthu amadzola thupi lonse tsiku lililonse kwa caka cathunthu.

Tili na m'bale wathu amene anayamba conco. Sanali kufuna kuyela iyai, ndipo tifuna kuti ici cimveke. Anali na ziphuphu na madontho akuda amene ziphuphu zimasiya, ukwati wa mng'ono wake unali pafupi, ndipo mnzake anamupatsa kabotolo. Pa zithunzi za ukwati anaoneka bwino ngako. Patapita miyezi, anayesa kuleka. Nkhope inafiila, inayamba kuotcha na kunyeleza, ziphuphu zinabwela zoposa zakale. Anabwelelanso ku kabotolo, zonse zinakhala cete. Anaganiza kuti mafutawo ndiye amamucilitsa, osadziwa kuti ndiye amugwila ukapolo. Pofika caka caciwili, tumitsempha tunayamba kuonekela pamasaya, m'khwapa na m'nchafu munatuluka mizele ikulu-ikulu ngati ya mimba koma iye sanakhalepo na pathupi, ndipo kabala kang'ono ka mpeni wa m'khichini kanali kutenga masabata kuti kapole.

Zimene zinamucitikila n'zodziwika bwino kwa madokotala a khungu. Steroid imapepula khungu, imafooketsa citetezo cake, cakuti zipele na matenda ena a pakhungu amafalikila mosavuta. Ikadzoledwa thupi lonse kwa nthawi yaitali imalowa m'magazi. Ingakweze shuga na BP, ingatupitse nkhope, ndipo thupi limaleka kupanga lokha mahomoni ake ena cifukwa lazolowela kulandila za kunja. N'cifukwa cake munthu amene wadzola kwa nthawi yaitali safunika kungoleka tsiku limodzi cifukwa ca mantha. Afunika kupita ku cipatala, kuti amuthandize kucepetsa pang'ono-pang'ono. Mizele ija siicoka, ndipo wogulitsa sakamba zimenezo.

Caciwili ni hydroquinone. Acikulile amene akumbukila masiku a Ambi aidziwa, olo kuti dzina lake sanali kulichula. Imaletsa khungu kupanga melanin, utoto wacibadwa umene umatipatsa mtundu wathu. Madokotala amaiseŵenzetsa pocotsa madontho, koma kwa miyezi yocepa cabe, ndipo amauza wodwala kupewa dzuwa. Ikapitilila, imacita zosiyana na zimene munthu anali kufuna: pamasaya, pamphumi na m'khosi pamabwela zigamba zakuda bii zokhakhala, zimene madokotala amati ochronosis. Madokotala a ku South Africa analemba za vuto limeneli mu 1975, ataona azimai ambili acikuda obwela na nkhope zotelo, ndipo dzikolo linaletsa hydroquinone m'mafuta odzola mu 1990. Maiko a European Union anailetsa mu zodzola mu 2001. Côte d'Ivoire inaletsa mafuta oyeletsa khungu mu 2015, Rwanda nayo inayamba kuwacotsa m'mashopu mu 2018. Zigamba za ochronosis n'zovuta kwambili kucotsa. Tikaona amai ena pa minibasi ali na masaya akuda ngati opsa, nthawi zambili timakhala tikuona mapeto a ulendo umene unayamba na kuyela.

Pali cina cimene timaiwala. Melanin ndiye ambulela yathu. Abale athu acialubino, amene khungu lawo ilibe utoto umenewu, adziwa mtengo wake: zipewa, malaya a manja aatali ngakhale mu October, mafuta oteteza ku dzuwa odula, na mantha a khansa ya pakhungu. Ise amene tinapatsidwa ambulela kwaulele tikulipila ndalama kuti tiing'ambe, kenako n'kukaima pa dzuwa la pa Cairo Road kuyembekezela basi.

Cacitatu ndico coopsa kopambana, cifukwa sicioneka, sicinunkha, ndipo kawili-kawili sicilembedwa: mercury. Imayeletsa khungu, ndiponso ni yochipa, conco opanga acinyengo amaikonda. Imalowa pakhungu n'kukaononga impso na ubongo. Munthu amayamba kunjenjemela manja, kuiwala-iwala, kusowa tulo, kukwiya msanga, kutupa miyendo, ndipo palibe amene angaganizile kabotolo kali pa windo. Mai wapathupi amapatsila mwana ali m'mimba, woyamwitsa amapatsila kudzela mu mkaka. Imatsalila pa thaulo, pa pilo, pa citenge cobelekela mwana. M'nyumba za cipinda cimodzi za m'makomboni mwathu, mmene thaulo imodzi imapukuta banja lonse, wodzola ni mmodzi koma olandila ni onse.

Dziko lapansi linaphunzila za mercury movutikila. Ku Minamata, tauni ya asodzi ku Japan, anthu anapezeka na matenda acilendo a ubongo mu 1956, cifukwa fakitale inali kutaila zonyansa za mercury m'nyanja mmene anali kupha nsomba. Pangano la maiko lothana na mercury la mu 2013 linachedwa dzina la tauni imeneyo, ndipo Zambia ilimo. Poyamba panganoli linaika malile akuti zodzola zisapitilile gawo limodzi pa magawo 1 miliyoni. Mu 2023 maiko anagwilizana kuti pofika 2025 zodzola zonse zoikidwa mercury zilekeke. Papepala nkhani inatha. Pa thebulo la pamsika, pangano silifika lokha.

Apa tifunika kuvomeleza kuti malangizo akuti “muziwelenga lebo” ali na polekezela. Inde, mukaona mau akuti mercury, mercuric, mercurous chloride kapena calomel, bwezani pomwepo. Koma wopanga amene waika poizoni mwadala sadzakulembelani. Mabotolo ena ali na lebo yokongola, ya golide, yolembedwa kuti muli kaloti, papaya na vitamini C, koma zeni-zeni zimene zigwila nchito sanazichule. Ena amabwela na zilembo za Cifalansa, Ciarabu kapena Cichaina cokha-cokha, ndipo katundu wodutsa pa Kasumbalesa, Nakonde, Mwami na Chirundu ni wambili kuposa maso a oyang'anila. Wogula alibe makina opimila. Lilime na mphuno sizingamuuze kanthu. Mercury imapezeka mu labu cabe.

Ndiye cifukwa cake sitigwilizana na aja amene amakankhila mlandu wonse kwa mzimai wogula. Mabungwe alipo. Lamulo la mu 2013 limene linakhazikitsa ZAMRA linaika zodzola m'gulu la zinthu zimene bungweli lifunika kuyang'anila pamodzi na mankhwala, ndipo kachubu ka clobetasol si kodzola n'komwe, ni mankhwala ofunika kugulidwa ku famasi na cikalata ca dokotala. Kuli ZABS yolemba miyezo, kuli ZCSA yoona kuti miyezo yokakamiza itsatilidwa, kuli CCPC yomvela madandaulo a ogula. Cimene tipempha n'cimene cinacitika pa unga. Agule mabotolo m'misika ya Lusaka, Kitwe, Chipata na Livingstone monga mmene ise timagulila, awapime, ndipo atiuze maina na zithunzi za amene apezeka na poizoni. Azicita zimenezi kawili-kawili, osati tsiku limodzi lokhala na makamela. Mndandandawo ufike pa wailesi m'Cinyanja, Cibemba, Citonga, Cilozi na zinenelo zina, umatidwe pa zipata za misika na ku sikelo ya ana. Kulanda katundu wa mai mmodzi wa pa thebulo n'kosavuta, koma mawa adzaodanso kwa yemwe uja wa makatoni. Wa makatoni ndiye afunika kufunsidwa mapepala.

Ena adzati tifuna kupha mabizinesi a azimai. Iyai. Pali acitsikana ambili amene apanga sopo, mafuta a tsitsi na losheni kunyumba, poseŵenzetsa shea butter, mafuta a mlambe kapena a mongongo ocokela kumadzulo kwa dziko, ndipo ena a ise timagula kwa iwo mokondwa. Wopanga woona mtima lebo siimuvuta. Imamuthandiza, cifukwa imamusiyanitsa na wofinya machubu. Koma nayenso asabisale kumbuyo kwa liu lakuti natural kapena organic. Liu limenelo aliyense angasindikize pa K5. Madzi a mandimu ni acilengedwe, koma apakeni pankhope n'kupita pa dzuwa muone. Losheni yokhala na madzi yopangidwa popanda mankhwala oisunga imamela tizilombo m'masiku ocepa, maka-maka m'nyengo yotentha. Zacilengedwe nazonso zifunika deti.

Komanso tileke kuseka. Tonse tidziwa nthabwala ija ya nkhope ya Fanta miyendo ya Coca-Cola, ndipo ambili tinaisekapo. Koma ni ise amene timati “mwawama, mwayela” kwa munthu wocokela ku holide. Ni ise amene timayang'ana makutu a khanda kuti tione ngati lidzada. Amuna amene amanyoza odzola pa bala ndiwo amatembenuka khosi yellow bone akadutsa, ndipo ena a iwo amaba mafuta a akazi awo kuseli, ici tisanamizane. Nthabwala zimapangitsa munthu kubisa. Akafika ku kiliniki na miyendo yotupa kapena shuga yokwela, nesi akafunsa ngati pali mankhwala amene akumwa, amati palibe, ndipo sanama, cifukwa sakumwa, akudzola. Mai amene apita kukabeleka na opaleshoni afunika kuuza dokotala zimene wakhala akudzola pamimba, cifukwa khungu lopepuka limavuta kusoka na kupola. Sangakambe ngati adziwa kuti adzasekedwa.

Nkhani ya zopaka-paka za pa zikondwelelo ni yopepukako, koma nayo ili na zake. Pa kitchen party kapena pa ukwati, wopenta nkhope mmodzi amagwila mkwatibwi, apelekezi asanu na atatu, alangizi na amake mwana, onse na bulashi imodzi, siponji imodzi na mascara imodzi. Ngati mmodzi ali na maso ofiila kapena cilonda ca pamlomo, wagawila mzele wonse. Si mwano kufunsa kuti, “Asisi, mabulashi awa mwatsuka liti?” kapena kubwela na lipstick na mascara yanu. Wodziwa nchito yake sakhumudwa. Mascara ikatsegulidwa siifunika kupitilila miyezi itatu, ndipo ikauma osaithila madzi kapena malovu. Pa mabotolo ambili pali kacithunzi ka kabotolo kotsegula kolembedwa 6M kapena 12M. Ni miyezi imene cinthuco cikhala bwino kucokela tsiku lotsegula. Ambili a ise tili na foundation ya ukwati wa zaka zitatu zapitazo ikali mu handbag.

Utoto wakuda wa m'maso wa mwambo, uja ena amati wanja kapena kohl, wapezeka kambili kuti uli na mtovu wambili, ndipo ku United States saulola kugulitsidwa. Ise a dziko la Kabwe sitifunika kuphunzitsidwa zimene mtovu umacita ku ubongo wa mwana. Mgodi unatsekedwa mu 1994 koma ana akali kudwala mpaka lelo. Conco kupaka khanda utoto wosadziwika m'maso kuti lioneke bwino pa cithunzi n'kosafunika. Henna yakuda bii imene imagwila msanga nthawi zambili imakhala yosakaniza na PPD, mankhwala a dayi ya tsitsi, ndipo ena imawatulutsa matuza otsatila maluwa onse a cojambulaco. Henna yeni-yeni imasiya mtundu wofiilila.

Za mafeki sitidzatayapo nthawi. Ngati lipstick ya kampani yochuka, imene ku mall ni mahandiledi angapo, mwaipeza pa K30 pa mseu, si mwayi. Ndipo ngakhale cinthu ceni-ceni cikakhala pa thebulo padzuwa kucokela August mpaka November, mafuta na madzi zikalekana, fungo likasintha, catha nchito.

Nanga tikafika pogula ticite ciani? Titembenuze botolo monga tinali kutembenuzila thumba la unga. Dzina la wopanga na adilesi zilipo? Deti na nambala ya batch zilipo, kapena pafufutidwa n'kumatapo kapepala kena? Mndandanda wa zosakaniza ulipo m'cinenelo cimene tingawelenge? Mndandanda umenewu umayamba na zimene zili zambili n'kutsikila ku zocepa, conco ngati shea butter imene yalembedwa na zilembo zikulu-zikulu kutsogolo ili kothela kweni-kweni kwa mzele, mwagula madzi na fungo. Cidindo ca pa civinikilo cikhale cosadula. Ndipo lonjezo likakula, kukaikila nako kukule: kuyela m'masiku 7 si nchito ya papaya.

Tikafika naco kunyumba, tisayambile pankhope. Tipake pang'ono m'kati mwa mkono, pafupi na cigongono, kawili pa tsiku kwa sabata imodzi, tione ngati pafiila, patupa kapena panyeleza. Dayi ya tsitsi ifunika kuyesedwa maola 48 musanaike m'mutu, ndipo zimenezi zimalembedwa pa kapepala ka m'bokosi kamene timataya tisanawelenge. Koma kuyesa uku kumangoonetsa ngati khungu lanu likana cinthuco. Steroid na mercury zimapambana mayeso amenewa mosavuta, cifukwa pa sabata yoyamba zimaoneka ngati madalitso.

M'bale wathu uja anapita ku cipatala pothela pake, atakakamizidwa na azakhali ake. Anabisa kabotolo m'pulasitiki yakuda pansi pa cikwama, ndipo anakatulutsa pamene dokotala anafunsa kacitatu. Dokotala anakatembenuza kufuna pakuwelenga, sanapeze. Anamufunsa kumene anagula, iye n'kupeleka nambala ya foni. Ataiyesa ali pomwepo, inali yozima, ndipo peji ya pa Facebook inali itasintha kale dzina. Kucepetsa mankhwalawo kunamutengela miyezi. Madontho a ziphuphu amene anayambitsa zonsezi akali pomwepo, ndipo manje awapaka mankhwala ocokela ku famasi, a m'bokosi lolembedwa dzina la wopanga, deti, na masabata amene afunika kulekela.